MADZI A PA FEIRA ACOKERA KUTI?

Pa malire a Zambia, kumene mtsinje wa Luangwa utsira mu Zambezi, pali mudzi wa boma umene lero uchedwa Luangwa, koma akulu ambiri akali kuucha Feira. Munthu woima pa gombe pamenepo aona maiko atatu nthawi imodzi: kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique, kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba, m'dziko la Zimbabwe, ndipo pansi pa mapazi ace pali nthaka ya Zambia. Palibenso malo ena m'Zambia otsika ngati awa, pakuti ali mafiti ngati 1,080 okha pamwamba pa nyanja yamcere. Cifukwa ca kutsika kumeneku, madzi a cigawo cacikuru ca dziko, ocokera ku Mwinilunga, ku Barotse, ku migodi ya mkuwa, ku Lusaka ndi ku Isoka, onse akomana pa Feira asanaturuke kunka ku Mozambique.

Cozizwitsa ndi ici: dera la Feira ndi louma ndi lotentha kopambana. Mvula yace kawirikawiri siipitirira mainchesi 30 pa caka, ndipo mitengo imene ikondwera kumeneko ndi milambe ndi masau. Madzi ocuruka amene apita pakhomo pa anthu a Mfumu Mburuma ndi a Mfumu Mphuka sanagwe m'dziko lao ai. Anagwa kutali, pa mapiri ndi m'madambo amene asodzi ambiri a pa Feira sanawaonepo. Akale anati, khote-khote ngwa njoka, utsate kumene kwaloza mutu. Wofuna kudziwa mbiri ya Feira ayenera kutsata mitsinje kufikira kumutu kwace.

Mitu itatu

Mutu woyamba uli kumpoto ca kumadzulo, pafupi ndi phiri la Kalene, m'dera la Ikelenge. Kumeneko Zambezi uyamba ngati kasupe wamng'ono wotumphuka pansi pa mizu ya mitengo m'kati mwa msitu wa mdima, ndipo mwana akhoza kuudumpha osanyowa. Mvula ya kumeneko ipitirira mainchesi 50 pa caka. Ucokapo nulowa m'Angola, nubwereranso m'Zambia, nudzaza cigwa ca Barotse, nugwa pa mathithi a Victoria Falls, nupitirira mpaka ku nyanja ya Indian Ocean, ulendo wa mailosi ngati 1,600. Ofufuza a masiku ano aonetsanso kuti madzi ambiri ofika pa mathithiwo acokera ku mitunda ya mcenga ya kum'mawa kwa Angola, natsika ndi mitsinje monga Lungwebungu.

Mutu waciwiri ndi wa Kafue, umene uyamba pa malire a Congo, kumpoto ca kumadzulo kwa Chingola. Uwu ndiwo mtsinje wa anthu a m'migodi: upita pafupi ndi Chililabombwe, Chingola ndi Kitwe, nutsikira kumwera, nuyala madzi ace m'cigwa ca Kafue Flats, nutsira mu Zambezi pafupi ndi Chirundu.

Mutu wacitatu ndi wa Luangwa, pa mapiri a Mafinga, ku malire a Malawi, kumene kuli nsonga yaitali koposa zonse za m'Zambia, ya mafiti oposa 7,600. Mtsinjewu uyenda mailosi ngati 500 m'cigwa cakuya ndi cotentha, nulandira Lundazi, Munyamadzi, Lupande ndi ina yambiri, ndipo potsiriza ulandira Lunsemfwa, umene udza ndi madzi a ku Mkushi ndi a ku Kabwe. Cotero pa Feira pakomana madzi a malo otalikirana koposa: a pamwamba peni-peni pa dziko afika pansi peni-peni pa dziko.

Msika wa pa matsiriro

Dzina lakuti Feira ndi mau a Cipwitikizi, ndipo tanthauzo lace ndi msika. M'caka ca 1693 nkhondo ya Changamire inaononga msika wa Apwitikizi wa ku Dambarare, kumwera kwa Zambezi, ndipo amalonda anayamba kufuna malo ena kumene akapeze golidi ndi minyanga. Ca m'ma 1720 amalonda ocokera ku Tete, ena a iwo a ku Goa m'dziko la India, anakhazikika pa Zumbo, ndipo m'kupita kwa nthawi anamanganso kutsidya lino la Luangwa. Awa ndi amodzi a malo oyamba kumene anthu a kunja kwa Africa anakhala m'dziko limene tsopano ndi Zambia.

Cimene cinawakokera pamenepo ndi madzi. Masiku amenewo mtsinje ndiwo unali mseu. Katundu wa nsaru ndi mikanda anali kusenzedwa pamutu kucokera ku Tete kulambalala mathithi a Cahora Bassa, ndipo atafika ku Chicoa anali kulowa m'mabwato mpaka ku Zumbo. Kucokera pamenepo njira zinali kugawikana: ina kumwera kukagula golidi, ina kumadzulo potsata Zambezi ndi Kafue, ina kumpoto potsata Luangwa ndi Lunsemfwa kukagula minyanga ya njobvu ndi mkuwa. Mkuwa umene lero udyetsa mizinda ya Copperbelt unali kudziwika kale pa msika wa Zumbo, zaka zambiri njanji isanafike. Ndipo pa njira zomwezi panapita malonda oipa a akapolo, amene anatha midzi yambiri.

Koma msika wodalira madzi ufanso ndi madzi. Kuyambira ca m'ma 1823 kufikira 1831 cirala cacikuru cinagwa m'cigwa conse ca Zambezi, pamodzi ndi dzombe ndi njala. Minda inauma, anthu anabalalika, malonda anacepa, ndipo nkhondo zinacuruka. M'mwezi wa November 1835, nthawi imene mtsinje uphwa kopambana, Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linada usana. Caka cotsatira, 1836, Apwitikizi anasiya Zumbo. Pamene David Livingstone anafika pa matsiriro a Luangwa m'mwezi wa January 1856, anapeza mabwinja okha-okha a nyumba za miyala, ndi belu losweka la chalichi liri gone pa udzu. Apwitikizi anabweranso m'caka ca 1862, ndipo zaka zotsatira zinali za atsogoleri a Acikunda monga Kanyemba ndi Matakenya, amene mfuti zao zinaopsya dziko lonse la pakati pa mitsinje iwiriyi.

Malire oikidwa pa mitunda

M'zaka zomwezo alendo a ku Ulaya anali ndi njala yodziwa kumene mitsinje ya Africa iyambira. Dr. Lacerda anaoloka Luangwa kumtunda m'caka ca 1798 pofuna njira yonka ku Angola, namwalira m'dziko la Kazembe caka comweco. Livingstone anamwalira kwa Chitambo m'caka ca 1873 ali kufuna-funa magwero a Nile. M'caka ca 1884 Frederick Arnot anapita pafupi ndi Kalene nazindikira kuti Zambezi uyambira pamenepo. Eni dziko, Alunda, anali kumwa pa kasupeyo kuyambira kale lomwe, koma tsopano analembedwa pa mapu a Azungu.

Pamene maufumu a ku Ulaya anagawana dziko, anasankha mitsinje ndi mitunda yolekanitsa madzi kuti ikhale malire. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linaika malire pa cigawo ca kunsi ca Luangwa, ndipo kuyambira pamenepo Zumbo ndi Feira, midzi ya anthu a mtundu umodzi, inakhala m'maiko awiri. Pangano la 1894 ndi Mfumu Leopold wa ku Belgium linaika malire a Congo pa mtunda umene ugawa madzi a Congo ndi a Zambezi. Malire a Zambia ndi Malawi nawonso atsata mtunda umene ugawa madzi a Luangwa ndi a nyanja ya Malawi. Cotsatira cace ndi cakuti magwero a mitsinje yonse itatu ali m'mphepete mweni-mweni mwa dziko, kutali ndi maofesi a boma, kumene mau a lamulo afika mocedwa ndi mofooka.

Migodi ilowa m'mbiri ya mitsinje

Mgodi usowa zinthu ziwiri zocokera ku mtsinje: madzi otsukira miyala ndi mphamvu yoyendetsera makina. Oyamba kumanga mtsinje cifukwa ca magetsi anali a mgodi wa Broken Hill, umene uli Kabwe lero. Damu la Mulungushi linatsegulidwa ndi Prince of Wales m'caka ca 1925, ndipo pambuyo pace anamanganso nyumba ya magetsi pa Lunsemfwa ndi damu la Mita Hills. Madzi onsewa, atatha kutembenuza makina, atsikira mu Luangwa nafika pa Feira.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, migodi ya mkuwa inakula msanga koposa mphamvu ya njanji yotenga malasha ku Wankie. Pamene malasha anaperewera, migodi inatentha nkhuni, ndipo nkhalango zazikuru za pafupi ndi mizinda ya Copperbelt, m'dera lomwelo limene lidyetsa Kafue, zinagwetsedwa. Panafunika magetsi ambiri. Anthu a ku Northern Rhodesia anafuna damu pa Kafue, koma m'caka ca 1955 boma la Federation linasankha Kariba. Madzi anasefukira moopsya m'caka ca 1957 ndiponso koposa m'caka ca 1958, naononga nchito yomanga. Komabe khoma la mafiti 420 linatsekedwa m'mwezi wa December 1958, ndipo Queen Mother analitsegula m'mwezi wa May 1960. Atonga ngati 57,000 anasamutsidwa m'midzi ya makolo ao. Pambuyo pace panadza magetsi a Kafue Gorge kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, damu la Cahora Bassa m'caka ca 1974, ndi la Itezhi-Tezhi m'caka ca 1977.

Cotero Feira, amene analandira dzina la Luangwa dziko litapata ufulu m'caka ca 1964, anapezeka pakati pa makoma awiri: Kariba kumtunda, ndi Cahora Bassa kunsi, amene nyanja yace ikadzala ifika pafupi ndi Zumbo. Kale Zambezi unali kudzala pa nyengo yace, nusiya nthaka yacinyezi m'mbali, ndipo alimi anali kudziwa mwezi wobzala m'madimba, asodzi nadziwa mwezi umene nsomba ziswana. Tsopano kudzala ndi kuphwa kwace kutsata kufunika kwa magetsi ndi kutsegulidwa kwa zitseko za damu. M'caka ca 1978, pamene zitseko za Kariba ndi za Cahora Bassa zinatsegulidwa cifukwa ca mvula yambiri, anthu zikwi zambiri a kunsi m'Mozambique anasowa pokhala. Ndipo zotere zinaonekanso m'caka ca 2001.

Luangwa wokha ndiwo ukali kuyenda monga unayendera masiku a Mburuma wakale, pakuti pa thunthu lace palibe damu. Panali maganizo omanga damu pa Ndevu Gorge, koma m'caka ca 2019, anthu ambiri ndi mafumu atadandaula, boma linaleka nchitoyo. M'dzinja Luangwa udza wofiira ndi matope, nukomana ndi madzi oyera a Zambezi amene anasiya matope ao m'nyanja ya Kariba, ndipo mitundu iwiriyi iyenda moyandikana kanthawi isanasanganike. M'malimwe ucepa kufikira mcenga uonekera pali ponse, ndipo mvuu, njobvu ndi nyama zonse zimene alendo adza kudzaona m'nkhalango za North ndi South Luangwa zipulumukira pa maiwe otsala.

Nchito ya dambo ndi msitu

Kodi madzi oyenda m'mwezi wa October acokera kuti, popeza mvula inaleka m'April? Yankho liri ku magwero. Mvula ikagwa pa nkhalango ya miombo, masamba aicepetsa mphamvu, zinyalala za pansi ziigwira, ndipo madzi alowa m'nthaka pang'ono-pang'ono potsata mizu ndi mauna a ciswe. Pansi pa nthaka ayenda mwakacetecete kufikira ku dambo. Dambo liri ngati nkhokwe ya madzi: lilandira m'dzinja, nilitapa pang'ono-pang'ono m'malimwe. Msitu wa m'mbali mwa kamtsinje ugwira gombe ndi mizu yace, nuphimba madzi kuti dzuwa lisawamwe.

Mitengo ikadulidwa yonse pa matsitso, dambo likalimidwa mpaka pakati ndi kukumbidwa ngalande, moto ukapita mocedwa caka ndi caka, nthaka iuma gwa ngati bwalo. Pamenepo mvula siilowanso pansi. Ithamanga pamwamba tsiku lomwelo, nikokolola dothi, nidzaza mtsinje ndi mcenga. Anthu a kunsi alandira tsoka kawiri: cigumula ca dzidzidzi m'February, ndi mtsinje wouma m'September. Nkhalango siingaletse cirala, pakuti mvula iri ndi zifukwa zace za kutali m'nyanja zazikuru. Koma ndiyo ilamulira ngati madzi amene agwawo adzakhala miyezi isanu ndi umodzi kapena masiku asanu ndi limodzi.

Ku Mafinga kuli minda ya mawere yotemedwa pa matsitso ndi m'mbali mwa timitsinje, ngakhale kuti anthu a m'midzi ina ayamba kubzalanso mitengo m'magombe. Ku Copperbelt ndi m'mbali mwa miseu yonka ku Lusaka kuli ng'anjo za makala. Koma sikuyenera kutsutsa mlimi ndi wootcha makala okha ai, pakuti thumba liri lonse la makala liri ndi wogula, ndipo wogulayo akhala m'tauni.

Citsanzo ca pafupi ciri kum'mawa kwa Lusaka. Nkhalango yochedwa Forest Reserve No. 27 inapatulidwa m'caka ca 1957 kuti isunge magwero a Chalimbana, mtsinje umene utsira mu Chongwe, ndipo Chongwe utsira mu Zambezi kumtunda kwa Feira. M'caka ca 1983 citetezo cace cinacotsedwa. Anthu a kunsi ataona kuti madzi ali kucepa anapempha boma, ndipo m'caka ca 1996 inapatulidwanso. Kuyambira 2017 zigawo zina zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo nkhaniyo inafika m'mabwalo a mirandu. Pano paoneka kuti gwero la mtsinje likhoza kutayika ndi colembera monga momwe litayikira ndi nkhwangwa.

Zaka ziwiri za cenjezo

M'dzinja la 2023 ndi 2024 mvula inakana. Pa 29 February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti ciralaco ndi tsoka la dziko lonse. Popeza magawo ngati anai mwa asanu a magetsi a Zambia acokera ku madzi, njala ya m'minda inatsatidwa ndi mdima wa m'mizinda. Pofika September nyanja ya Kariba inaphwa kotero kuti mwa makina asanu ndi limodzi a ku gombe la Zambia, amodzi okha ndiwo anali kugwira nchito, ndipo makomboni ambiri anali kukhala wopanda magetsi maora 20 kapena kuposa pa tsiku. Woocherera zitsulo, wometa ndi wogulitsa nyama anataya malonda. Mipopi inauma cifukwa makina opopa anaima. Ndipo mabanja anagula makala ambiri koposa kale. Cotero kucepa kwa madzi kunaonjeza kudula kwa mitengo imene isunga madziwo.

Caka cotsatira cenjezo linadza mwa njira yina. Pa 18 February 2025 dziwe losungira zotsala za mgodi wa Sino-Metals pafupi ndi Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi, magaloni ngati 11 miliyoni monga mwa malipoti oyamba, analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, mbeu za m'madimba zinapsya, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Anthu a ku Lusaka nawonso anada nkhawa, pakuti gawo lalikuru la madzi a m'mipopi yao lipopedwa ku Kafue womwewo. Madzi akatayika saoleka. Ndipo ululu ukalowa kumutu kwa mtsinje sufunsa malire a boma kapena a dziko.

Mtsinje wa maiko asanu ndi atatu

Madzi a Zambezi ndi ana ace agwa m'maiko asanu ndi atatu: Angola, Zambia, Namibia, Botswana, Zimbabwe, Mozambique, Malawi ndi Tanzania. Palibe limodzi la iwo lingasunge mtsinjewu lokha. Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa Zambezi River Authority m'caka ca 1987 kuti iyang'anire Kariba ndi kugawa madzi a magetsi. M'caka ca 2004, ku Kasane, kunalembedwa pangano la Zambezi Watercourse Commission, limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 2011, kuti maiko onse adziwitsane za mvula, za zigumula ndi za nchito zimene afuna kumanga. M'caka comweco ca 2011 Zambia inapanga lamulo latsopano la madzi, limene lipatsa boma mphamvu yopatula malo a magwero, ndipo m'caka ca 2015 inapanga lamulo la nkhalango limene lilola midzi kusunga nkhalango zao ndi kupindula nazo.

Malamulo alipo, koma lamulo la pa pepala silibzala mtengo. Zambia iri ndi mbali ziwiri pa mlandu uwu: kwa Angola iri ya kunsi, yopempha kuti mitunda ya mcenga isungidwe, kwa Mozambique iri ya kumtunda, yofunsidwa za madzi amene ipereka pa Feira. Cimodzimodzi munthu wa ku Kitwe ali wa kunsi kwa mlimi wa ku malire a Congo, koma ali wa kumtunda kwa msodzi wa kwa Mphuka. Palibe amene akhala pa mtsinje wopanda wina pamwamba pace ndi wina pansi pace.

Dzina lomwe la dziko la Zambia linatengedwa ku mtsinje, ndipo pa kasupe wa ku Kalene pali cikumbutso ca ufulu wa 1964. Msika wa Zumbo unaima zaka zoposa zana limodzi, ndi nyumba za miyala ndi chalichi, koma zaka zowerengeka za cirala ndi nkhondo zinausandutsa bwinja. Mizinda ya lero ndi yaikuru kopambana, ndipo ludzu lace ndi lalikurunso. Koma imwa ku akasupe omwewo amene anayandamitsa mabwato a amalonda akale. Akulu anacenjeza kuti mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Nthawi yosamala msitu wa ku Kalene, madambo a kumutu kwa Kafue ndi matsitso a Mafinga ndiyo ino, madzi akali kupita pa Feira.